Nkhani ya moyo wa osewera asamaitsekere kuti tilipire kaye

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo. Akuti pagulu lawo la masapota panabuka mkangano wina ataponyapo linki ya nkhani ya osewera ovulala m'mutu. Aliyense atatsegula anangowerenga ndime ziwiri, kenako tsambalo linati lipirani kaye. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi n'chilungamo kugulitsa nkhani yokhudza moyo wa munthu? Nanga nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, kapena atolankhani akungotiopseza kuti tigule?"

Ndiyamba ndi funso lachiwirili, m'bale wanga, chifukwa ndi limene limandiwawa mumtima. Nkhawayi ndi yeniyeni ndithu. Jeff Astle, katswiri wa West Bromwich Albion amene ankadziwika ndi zigoli zamutu, anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59, mutu utasokonekera kale. Wofufuza za imfayo anagamula kuti chinamupha ndi ntchito yake yomwe, kumenyamenya mpira ndi mutu. Akuluakulu a mpira anazengereza zaka zambiri. Kafukufuku wamkulu anadzatuluka mu 2019, pamene gulu la Dr Willie Stewart ku yunivesite ya Glasgow linaunika mbiri za osewera akale a ku Scotland oposa 7,000. Linapeza kuti chiopsezo choti afe ndi matenda owononga ubongo chinali chowirikiza pafupifupi katatu ndi theka poyerekeza ndi anthu ena. Jack Charlton, Bobby Charlton ndi Nobby Stiles, amene anatenga World Cup ndi England mu 1966, onse anadwala matenda oiwalaiwala asanamwalire.

Mwina munaonera fainolo ya World Cup ya 2014 ku Maracanã. Christoph Kramer wa Germany anagundidwa kumaso ndi phewa la Ezequiel Garay wa Argentina, anagwa, anadzuka, n'kupitiriza kusewera kwa mphindi zoposa 10. Pomutulutsa, maso anali atangoti tong'o, akuyenda mochita kugwiridwa. Woyimbira, Nicola Rizzoli, anadzaulula pambuyo pake kuti mnyamatayo anamufunsa ngati imeneyo inalidi fainolo. Munthu sakudziwa komwe ali, koma madokotala, makochi ndi dziko lonse tikuyang'ana akuthamangabe.

Zasinthako pang'ono. Kuyambira mu 2024 malamulo a IFAB, bungwe lokhazikitsa malamulo a mpira, amalola okonza mipikisano kupatsa timu mwayi wapadera wolowetsa wosewera wina ngati mnzake akuganiziridwa kuti wavulala ubongo. Koma wotulukayo watuluka basi, sabwereranso. Bungwe la osewera la FIFPRO ndi Premier League anapempha kuti wosewera azituluka kwa kanthawi, dokotala amuyeze modekha m'chipinda monga amachitira ku rugby, ndipo IFAB sinavomere. Ine ndimaona kuti pamenepa analakwitsa. Dokotala amene akuyeza munthu m'mphepete mwa bwalo, kochi akumuyang'anitsitsa, masapota akukuwa, mwiniwake akulimbikira kuti ali bwino, sangagwire ntchito yake momasuka.

Za mtima nazo zilipo. Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwa pabwalo ku Lyon mu 2003 ndipo sanadzukenso. Christian Eriksen anagwa ku Copenhagen mu 2021, koma achipatala anamufikira msanga ndi makina odzutsira mtima, ndipo chaka chotsatira anali akusewera ku Brentford. Onjezanipo kuchuluka kwa masewero: mu September 2024 Rodri wa Manchester City ananena poyera kuti osewera atsala pang'ono kunyanyala ntchito, ndipo sabata isanathe bondo lake linawonongeka timu yake ikusewera ndi Arsenal.

Tsopano za kulipira. Sindingakunamizeni kuti atolankhani azigwira ntchito yaulere. Nkhani ngati ya Astle siilembedwa ndi munthu wongokhala pa foni. Pamafunika kuyendera mabanja a osewera akale, kukhala pansi ndi mayi amene mwamuna wake sakumuzindikiranso, kuwerenga malipoti a madokotala, kenako kukafunsa akuluakulu amene sakufuna kuyankha. Zimenezi zimadya miyezi ndi ndalama, pomwe ndalama za otsatsa malonda zambiri zinathawira ku Google ndi Facebook. N'chifukwa chake The Athletic, nyuzipepala ya zamasewero ya pa intaneti, inakhazikika pa owerenga olipira, mpaka New York Times inaigula mu 2022 pa madola 550 miliyoni. Wolipira mwezi ndi mwezi sakupusitsidwa, akusunga ntchito yofunika.

Komabe pali chimene sindigwirizana nacho. Mphekesera za amene akugulidwa ndi timu iti zili mbwee paliponse kwaulere, pomwe nkhani yoti mwana wagundana mutu ndi mnzake uchite chiyani ndiyo yatsekeredwa. Amene akufunikira kwambiri nkhani imeneyi si sapota wa ndalama zake. Ndi kochi wa timu ya ana, woyimbira wa ligi yaing'ono kumene kulibe dokotala ngakhale ambulansi, kholo limene laima kunja kwa mzere. Mu 2020 nyuzipepala zambiri, kuphatikizapo New York Times yomweyo, zinatsegula nkhani zikuluzikulu za Covid-19 kuti aliyense awerenge osalipira. Anasonyeza okha kuti n'zotheka. Agulitse ndemanga za masewero ndi nkhani zakuya za matimu, koma zokhudza ubongo ndi mtima wa wosewera azisiye potseguka.

Mwafunsanso ngati amene analipira angakopere nkhani yonse n'kuiponya pagulu. Ine sindingachite zimenezo, chifukwa wolembayo amadyera pomwepo. Koma mfundo zake si katundu wa nyuzipepala. Awerenge, akufotokozereni m'mawu ake, atchule amene analemba. Ndipo zofunika kwambiri zilipo kale kwaulere: FIFA ndi WHO anayambitsa kampeni ya zimenezi mu 2024. Wosewera akagundidwa m'mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kudandaula mutu kapena kuyankha zosagwirizana, atuluke nthawi yomweyo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale akane chotani. Sikuti mpaka akomoke. Zizindikiro zina zimatha kutenga mpaka maola 72 kuti zioneke, choncho apite naye kuchipatala ndipo akunyumba auzidwe kuti amuyang'anire masiku atatu amenewo.