Mwana wanu wofatsa uja ndi yunivesite ya dzina

Amayi ena andilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wamkazi akumaliza sekondale, ndi wofatsa, sakonda piringupiringu, koma bambo ake akufuna akalowe yunivesite yaikulu yotchuka. Akufunsa kuti asankhe bwanji.

Amayi, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa mwana ameneyo ndinali ine.

Ndinapita kusukulu yomwe achibale ankaitchula monyadira. Tsiku loyamba ndinalowa m'holo ya anthu mazanamazana, aphunzitsi akuoneka kutali uko, akulankhula pa maikolofoni. Kusekondale ndinazolowera kutsalira anzanga akatuluka, n'kufunsa pang'onopang'ono zomwe sindinamve. Kuno ndikanatsalira ndi yani? Kukweza mkono pamaso pa chikhamu chonsecho, mtima unkachita kuti phaphapha. Ndinaleka kufunsa, kenaka kumva kunayamba kuvuta, mapeto ake ndinayamba kujomba. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti palibe anazindikira kuti ndasowa. Koma mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, wolongolola uja, malo omwewo anamukomera zedi. Pa mwezi umodzi anali atadziwana ndi aliyense.

Ndiye musandiuze za mindandanda ya mayunivesite apamwamba, imandikwiyitsa. Mndandanda wa Shanghai, wa ku China, umene unayamba mu 2003, umawerengera anthu amene analandira mphoto ya Nobel komanso kafukufuku wotuluka m'magazini a sayansi otchedwa Nature ndi Science. Zimenezo ndi zabwino, koma zikukuuzani chiyani za mtsikana wa chaka choyamba amene wasokonezeka ndi phunziro ndipo akuopa kugogoda pachitseko? Makolo ambiri tikamati tikusankhira mwana, timakhala tikusankha dzina loti tizikalitchula kwa anzathu. Ndikunena mosabisa, bambo akewo adzifunse bwino.

Musamve ngati ndikuti sukulu yaikulu iliyonse imameza ana. Oxford ndi Cambridge, za ku England, ndi zazikulu, koma ophunzira amakumana ndi mphunzitsi awiriawiri kapena atatuatatu pafupifupi sabata iliyonse. Nkhani yagona pa kaphunzitsidwe. Mwana wamanyazi atha kukula bwino pagulu laling'ono lotero, pomwe wina, wokonda kubisala, angaone ngati amuika pamoto.

Patapita zaka ndinawerenga za John Holland, katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, amene mu 1959 anafotokoza kuti munthu amakhazikika pamene malo akugwirizana ndi khalidwe lake. Anagawa anthu m'mitundu 6: okonda ntchito zamanja, ofufuza, aluso, othandiza anzawo, otsogolera ndi okonda dongosolo. Sindikhulupirira kuti mwana angakwane m'bokosi limodzi, komabe ndinalira nditawerenga, chifukwa zaka zonsezo ndinkadziyesa mbuli.

Ndiye muchite chiyani?

Khalani naye pansi awirinu, bambo kulibe, mumufunse tsiku limene anasangalala kwambiri kusukulu ndi chimene chinachitika tsikulo. Mukatero fufuzani kuti kalasi ya chaka choyamba imakhala ndi anthu angati, amaphunzitsa ndani, ndiponso ngati wophunzira aliyense amapatsidwa mlangizi. Funsani amene akuphunzira komweko, osati timabuku tokopa anthu. Ngati n'kotheka pitaniko sukulu ili mkati, mumusiye ayende yekha kwa ola limodzi. Akabwerako musafulumire kumufunsa mafunso, muyambe mwamuyang'ana kumaso.