Kodi m'matauni a makauboi munali manyuzipepala?

FUNSO: Akonzi, ine mafilimu a makauboi ndimawakonda zedi, koma chimandidabwitsa ndi chakuti m'timatauni tafumbi tija mumaoneka munthu akuwerenga nyuzi, zinalikodi zimenezi? Nanga amalemba ndani poti aliyense mfuti ili m'chiuno? Wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zinaliko ndithu achimwene, ndipo akonzi ena anali asilikali akale oti mfuti siinkawaopsa. Tikupatseni mmodzi, Clement Lounsberry. Anabadwa mu 1843, analowa nkhondo yapachiweniweni ya ku America mu 1861 ngati msilikali wamba, anagwidwapo ndi adani, anavulazidwapo, koma nkhondo ikutha mu 1865 anali atakwera mpaka pa udindo wa colonel ali ndi zaka 22 basi.

Mu 1873 njanji ya Northern Pacific itangofika pa Bismarck, ku dera la Dakota, iye anafikanso ndi makina ake osindikizira n'kuyambitsa Bismarck Tribune, nyuzi imene ikutulukabe mpaka lero.

Koma chomwe amakumbukiridwa nacho ndi cha 1876. George Custer, mkulu wa asilikali apakavalo a pa Fort Abraham Lincoln tsidya la mtsinje wa Missouri, ankapita kukamenyana ndi a Lakota ndi a Cheyenne, mitundu ya eni nthaka a ku America, ndipo Lounsberry amafuna kupita nawo kuti akalembe nkhani, koma mkazi wake anadwala ndiye anatuma mtolankhani wake Mark Kellogg. Pa 25 June ku mtsinje wa Little Bighorn gulu lomwe linali ndi Custer linaphedwa lonse, Kellogg nayenso anatsikira kuli chete komweko.

Sitima yapamadzi ya Far West inafika pa Bismarck usiku wa pa 5 July itanyamula ovulala a m'magulu ena a asilikaliwo. Lounsberry sanagone, anakadzutsa wa telegalafu John Carnahan n'kuyamba kutumiza nkhani ku nyuzi ya New York Herald, ntchito yomwe inatenga pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo akuti zolemba zikamuthera Carnahan, Lounsberry ankamupatsa Chipangano Chatsopano kuti azingotumiza mavesi, waya asalandidwe ndi wina, iye ali kalikiliki kufunsa omwe atsika m'sitima. Bilu yake inakwana madola pafupifupi 3,000, ndalama zoopsa nthawi imeneyo.

Pano tisakunamizeni, nyuzi zotere zinkaimira azungu odzakhala m'deralo ndi a njanji, ntchito yake inali kukopa anthu kuti abwere adzagule malo. Tribune inalemba nkhondo ija ngati kuti asilikali anangophedwa mwankhanza, pomwe ndi iwo anapita kukaputa msasa wa eni nthaka. Pangano la ku Fort Laramie la 1868 linavomereza kuti mapiri a Black Hills ndi a a Lakota, koma golide atapezeka mu 1874 boma linayamba kuwakakamiza kuti achoke, mbali ya Sitting Bull ndi Crazy Horse, atsogoleri a a Lakota, simukanaipeza patsamba loyamba ayi. Lounsberry anamwalira mu 1926 ku Washington.