Nyumba ndi yanu, nanga malo ndi a ndani?

Achemwali amene mukufunsa ngati nyumba yopangiratu kufakitale ingakupulumutseni ku lendi ya kuno ku Joni, chonde musapereke dipoziti musanandimve. Ndaona anthu akungoti gulani, gulani, ndipo mtima wanga wayambanso kuwawa.

Kukoma kwa nyumbazo sindikutsutsa. Yanga inali ya zipinda ziwiri, mafelemu achitsulo, makoma a mabolodi a simenti aja timangowatchula kuti Nutec, siling'i ndi zotchinga kuzizira m'kati. Inabwera pa lole, sabata isanathe tikugonamo. Amene munagonapo mu mkuku wa malata mwezi wa June mukudziwa mmene chisanu cha kuno chimalowera m'mafupa. M'menemo ana anga anasiya kutsokomola. Ndalama zake zinali za chipereganyu cha kuntchito, kuphatikiza zomwe mayi a kunyumba ankasunga pochapa ndi kusita m'makomo mwa anthu.

Tinaiika kuseri kwa nyumba ya gogo wina ku Cosmo City, munthu wabwino mtima, tinagwirizana kuti ndizilipira ya malo ndi magetsi basi. Ogulitsa nyumbayo anati popanda silabu sapereka galanti, ndiye tinathira simenti n'kuimanga ndi mabawuti. Gogo atamwalira tinagona pamaliro, mkazi wanga anaphika nawo. Mwezi usanathe mwana wawo wamwamuna, yemwe sanaonekeko nthawi yonse imene mayi ake ankadwala, anandiimitsa pageti n'kunena kuti chilichonse chomangidwa pabwalopo n'cha banja lawo, ndikafuna kukhala ndizilipira lendi ya nyumba yathunthu. Nyumba yogula ndekha, malisiti ali m'chikwama! Chowawa n'chakuti sankangobwebweta, chifukwa pa malamulo a kuno chinthu chikamangiriridwa kunthaka mokhazikika chimatha kuwerengedwa kuti n'cha mwini malo.

Nditakana anadula magetsi, kenako anasintha loko wapageti, ana pochokera kusukulu ankadikira pamsewu. Tinaganiza zongophwasula. Abale anga, Loweruka limenelo sindidzaliiwala. Ndinaitana anyamata akwathu, tinayamba m'mamawa, iye atakhala pampando ndi mowa kumationerera, kumatitchula dzina lija amatitchula alendofe. Masikuluwu anali atadya dzimbiri, ena mitu inatha. Mabolodi aja ndi olimba ali pakhoma, koma ukamawachotsa amathetheka ngati mbale yadothi, tikati tikoke pang'ono kumangomva phwa! Mwini bakkie, galimoto yonyamula katundu, akuwerenga maola ake. Denga litangotsika, cha m'ma 3 koloko kunada, mvula ya matalala ija ya kuno inayamba. Matilesi, ufa, mayunifolomu, zonse pamtetete. Mwana wanga wamkazi anakumbatira chikwama cha mabuku n'kubisala pansi pa tebulo, akundifunsa kuti adadi tigona kuti. Mkazi wanga sanalire, anangoima pasilabu paja madzi akumudutsa m'mapazi. Silabuyo inatsala pomwepo, ndipo lero munthu uja anamangapo chipinda chake, akudyerapo lendi pa simenti yanga. Mulungu akumuona. Ogulitsa aja, amene ankalumbira kuti nyumbayi mutha kusamuka nayo tsiku lililonse, foni sanayankhe. Mabolodi opulumuka ndinawagulitsa motchipa ku Diepsloot.

Ndiye achemwali, yambani ndi malo. Wina akamakugulitsani sitandi (puloti), kafufuzeni ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa malo, kuti dzina lili pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ndi landani. Ku Lenasia mu 2012 boma linagwetsa nyumba zanjerwa zomwe anthu anamanga pamalo ogula kwa akathyali, nanga ya mabolodi angaimvere chisoni? Musamvere zoti poti ndi yakufakitale siifuna pulani. Lamulo la zomangamanga la 1977 limafuna kuti khonsolo ivomereze pulani, ndipo kamangidwe kosakhala kanjerwa wamba kamafuna umboni, monga setifiketi ya Agrément South Africa, bungwe loyesa kamangidwe kotere. Ogulitsawo afunseninso ngati analembetsa ku NHBRC, bungwe loyang'anira omanga nyumba. Akayamba kuzemba, tulukani. Ku banki musayembekezere bondi (ngongole yogulira nyumba) pa nyumba yokhala pabwalo la wina, ndipo thandizo la boma logulira nyumba yoyamba la First Home Finance ndi la nzika ndi okhala ndi permanent residence, ambirife silitikhudza. Chinanso chomwe palibe anandiuza nthawi imeneyo: mwini malo saloledwa kukutulutsani popanda chilolezo cha khoti, ndipo kukadandaula ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya lendi, n'kwaulere.

Komabe ngati ndalama ilipo, gulani. Inde ndikutero ineyo. Lendi ya kuno ikutimaliza, ndipo zipinda zogawa ndi makatani za m'tauni tonse tikudziwa mathero ake. Moto wa pa nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown mu August 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo abale athu a ku Malawi. Kusiyana n'kulera ana m'malo otero, bola kanyumba kako. Kungoti gulani kakang'ono, kokhala pa mabuloko kapena pamiyendo yachitsulo, koti lole itha kukanyamula kathunthu, ngakhale akuuzeni kuti galanti palibe. Mgwirizano ulembedwe, unene poyera kuti nyumbayo ndi yanu ndipo mudzachoka nayo, asayine mastandi (mwini malo) pamodzi ndi ana ake onse, ngakhale amene ali kutali. Mayi a kunyumba akuwerenga nane pano ndipo akuti ndikuuzeni kuti ndalamazo mungotumiza kumudzi akuumbireni njerwa. Zimenezo timakanganabe mpaka lero. Musanalipire, tumizani kuno chithunzi cha kontrakiti yawo, makamaka pamene alemba za kusamutsa, tikuthandizeni kuwerenga.