Kodi makina a CT angamuyambitsire mwana khansa ya m'magazi?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Mwana wawo wa zaka 7 anagwa pa njinga ya kabaza, kuchipatala anamujambula mutu ndi makina a CT, ndiye mnzawo wawaopseza kuti makinawo amayambitsa khansa ya m'magazi.

Mayi, mnzanuyo sanapeke nkhaniyi, koma waikulitsa.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. M'menemo muli maselo ochepa otchedwa ma stem cell, amene amabereka maselo ofiira, oyera, ndi aja oumitsa magazi pa bala. Ali ngati chimanga chosungira mbewu: chikafumbwa, munda wa chaka chamawa ndiwo umalira. Makina a CT amajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito radiation, mphamvu yosaoneka ya ma X-ray. Radiation imadula DNA ya maselo amenewa, yomwe ndi malangizo a mmene selo ligwirire ntchito ndi kuberekana. Ambiri amadzikonza bwinobwino, ena amafa, ndipo kufako n'kwabwino. Loopsa ndi selo lomwe ladzikonza molakwika n'kupitiriza kuberekana. Zolakwika zina zikamawonjezereka kwa zaka, maselo oyera osakhwima amadzaza m'mafupamo, abwinobwino n'kusowa malo.

Zambiri za izi madokotala anaziona ku Hiroshima ndi Nagasaki, mizinda ya ku Japan, mabomba a nyukiliya a 1945 ataphulika. Mwa opulumuka, khansayi inayamba kuchuluka patatha zaka ziwiri, n'kufika pachimake patatha zaka 6 mpaka 8. Ana ndiwo anakhudzidwa kwambiri, makamaka amene anali pafupi ndi pamene bomba linaphulikira. Ndiye kuti nkhani yagona pa kuchuluka kwa radiation imene munthu walandira.

Nanga ya mwana wanu inali yochuluka bwanji? CT ya mutu imapereka pafupifupi 2 mSv (mSv ndi muyezo wa radiation imene thupi lalandira). Tonsefe timalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumlengalenga, chikhalireni pakhomo. Kafukufuku wa ku Britain wa 2012 anayerekezera kuti ana 10,000 osakwana zaka 10 akajambulidwa mutu kamodzi, khansa ya m'magazi imagwira mwana mmodzi woonjezera m'zaka 10 zotsatira. Chiopsezo chilipo, koma n'chaching'ono. Magazi otayikira m'mutu, akapanda kuonedwa, angathe kupha mwana usiku womwewo, choncho ine sindikanakana kuti amujambule.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kujambula mobwerezabwereza popanda chifukwa, poti radiation yake imawonjezerana. Onetsetsani kuti tsiku limene anajambulidwa lalembedwa m'buku lake lakuchipatala. Dokotala wina akadzafuna kumujambulanso, muwaonetse bukulo n'kufunsa ngati ultrasound kapena MRI, njira zina zojambulira m'thupi, ingathandize pa vutolo, chifukwa ziwirizi zilibe radiation yamtunduwu.