Kodi msuku umodziwu ukukwana?

Funso: Akulu, ndimakhala ku Zóbuè, kumalire a Mozambique ndi Malawi kuno. Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira zingwe ziwiri zokwerera miyala, malamba a m'chiuno ndi ma carabiner (zitsulo zokolekera chingwe) asanu. Ine ndi mnzanga tapeza thanthwe loti pamwamba pake timafika pozungulira kuseri. Tikufuna kukoleka chingwe pamwambapo, wina azikwera wina atagwira pansi. Pali mtengo umodzi wa msuku. Ukukwana? — Mnyamata wa ku Zóbuè

Yankho: Mphwanga, umodzi ayi. Mitengo ya pathanthwe imanamiza. Masamba biriwiri, koma mizu yangoyanga pa kadothi kochepa ngati mkeka, thanthwe lili pansi. Onjezani moto wa osaka mbewa umene umaiwaula chaka ndi chaka, ndiye chiswe nacho. Ine ndinatsamirapo mtengo wotere kufupi ndi Dómuè ku Angónia, ndinangomva dothi likutukuka kuphazi kwanga. Tsiku limenelo sitinakwere.

Pezani pomangirira pawiri posadalirana. Msukuwo ukhale wamoyo, wonenepa kuposa ntchafu yanu, ndipo mumange patsinde penipeni. Pachiwiri pakhale mtengo wina kapena chimwala choti amuna anayi sangachigwedeze. Pena pakazuka, penapo pagwire.

Pa zingwe zanuzo yang'anani: chosatamuka ndicho chomangira, chotamuka ndicho chokwerera. Chabuluu chapamsika chija, chomangira matumba a mbatata panjinga, chisafike n'kuphiri komwe.

Zingwe zochokera mbali ziwirizo zikumane pa mfundo imodzi, mfundo yooneka ngati 8. Pokumanapo pakhale popanikiza ngati mphanda ya legeni. Ngodya ikakhala madigiri 60, mbali iliyonse imanyamula pafupifupi 58 peresenti ya katundu. Pa madigiri 90 ndi 71 peresenti. Ikafika 120, mbali iliyonse yasenza katundu yense, ndiye kugawana katundu kuja kwapita pachabe. Mitengo ikatalikirana, talikitsani zingwe mpaka mphanda ichepe.

Mfundoyo ilendewere kupitirira mlomo wa thanthwe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaisiya pamwamba, chingwe chokwerera n'kumakhulika pamwala tsiku lonse, ndipo miyala yathu ino ndi yakuthwa ngati tupa. Pamene zomangira zakhudza mlomowo yalanipo chiguduli cha kapeti kapena thumba lochindikala, mulimangirire lisagwe.

Pamfundopo kolekani ma carabiner awiri otseka ndi sikulu, zitseko zake zitayang'ana kosiyana. Kuno, m'Chipwitikizi, carabiner amati mosquetão. Werengani pamsana pake: wokwerera miyala amalembedwa 20 kN kapena kuposa (kN ndi muyeso wa mphamvu), pafupifupi matani 2. Koma akapingasa mphamvu imatsika mpaka cha m'ma 7 kN, choncho asagone pamwala. Opanda nambala ndi opachikira makiyi. Chingwe chokwerera chidutse m'chitsulomo basi. Chikamayenda pa chingwe chinzake, nayiloni imatentha n'kusungunuka munthu ali m'malere.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi inuyo womanga. Musanayandikire m'mphepete, valani lamba, dzimangirireni kaye kumtengo. Udzu wouma pathanthwe umaterera ngati therere.

Mukatsika, mangani mfundo kumapeto kwa chingwe kumbali ya wogwira, mufufuzane malamba. Wokwera akwere mita imodzi yokha n'kudzilendewetsa, kenako wina abwerere pamwamba akaone ngati china chasuntha. Ndipo ulendo woyambawu musapite awiriwiri. Achimwene anuwo akabwera pa Khirisimasi, ngati amakweradi, akamange iwo inu mukuonerera, kenako mumasule n'kumanganso iwo akuyang'ana.