Kodi pepo, pinki ndi olenji m'Chichewa timati chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Namwera amene amasoka zovala pakhonde la sitolo. Mwana wawo wa Sitandade 3 anabwera ndi homuweki yoti alembe mitundu ya zinthu m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Zofiira, zakuda, zoyera ndi zobiriwira analemba mosavuta, koma atafika pa purple, orange ndi pink, mayi ndi mwana anangoyang'anizana. Funso lawo ndi ili: "Kodi Chichewa chathu n'chosauka? Bwanji Azungu ali ndi dzina la mtundu uliwonse, pomwe ife timangoti 'ngati chakutichakuti'? Mayina awowo anawatenga kuti?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo musadandaule. Chimene timachita ife tikamati "ngati" ndi chomwecho chimene anachita iwo. Mayina awo ambiri ndi a nkhono, tizilombo, zipatso, maluwa ndi miyala. Kungoti papita nthawi yaitali, moti eni akewo anaiwala kuti ankafanizira.

Ndiyambe ndi zakwathu. Agogo anga aakazi ankaluka mikeka ya mlaza, ndipo akafuna kuti mkeka ukhale ndi mizere, ankafukula chikasu kuseri kwa nyumba, n'kuchisinja mumtondo waung'ono, n'kuwiritsa pamodzi ndi mlazawo mumphika wakale. Zala zawo zinkakhala zitasintha mtundu masiku atatu, ngakhale atazikwecha ndi mchenga kunyanja. Kwa iwo chikasu chinali muzu wofukula pansi. Lero mwana wanuyo akamva "malaya achikasu" saganizako za muzu, ndipo kuchipatala akati khanda lili ndi chikasu, palibe amene amakumbuka chomera. Dzina la chomera linasanduka dzina la mtundu, kenako la matenda. Palibe "ngati" amene watsalapo. Ndiye ulendo umene mawu a Chingerezi aja anayenda ndi womwewu.

Tengani purple, amene ife timati pepo. Gwero lake ndi mawu a Chigiriki akuti porphyra, dzina la nkhono ya m'nyanja ya Mediterranean. Anthu a mumzinda wa Tyre, ku Lebanon wa lero, ankaswa nkhonozi n'kuchotsa kachiwalo kotulutsa timadzi, n'kumaphika kwa masiku angapo. Fungo lake linali loipa kwambiri, koma utoto wake sunkasuluka. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Paul Friedländer, anayesa kuupanganso, ndipo nkhono 12,000 zinam'patsa magalamu 1.4 okha. Inu osoka mukudziwa kuti kautoto kotere sikangakwane ngakhale chitenje chimodzi. N'chifukwa chake nsalu yamtunduwu inali ya mafumu ndi anthu achuma. Ndipo apa Chichewa sichinagone: m'Buku Lopatulika, Lydia wa ku Thyatira akutchedwa wogulitsa chibakuwa. Mawuwa alipo, akuluakulu a kutchalitchi amawadziwa, kungoti pamsika pepo ndiye anapambana.

Zofiira nazo zili ndi nkhani ya tizilombo. Crimson ndi carmine anachokera ku mawu a Chiarabu akuti qirmiz, kachirombo kamene kamamatirira pamitengo ina ya kumayiko ozungulira Mediterranean. Ankatikolola, kutiyanika, n'kutipera. Vermilion ndiye amangotanthauza kanyongolotsi m'Chilatini. Pa Yesaya 1:18 ife timawerenga kuti "zofiira ngati kapezi", ndipo mawu a Chiheberi amene ali pamenepo ndi a nyongolotsi yomweyo. Anthu a ku Spain atalanda Mexico m'zaka za m'ma 1500 anapeza eni dziko akuweta kachirombo kena, cochineal, kofiira koposa, ndipo anakatumiza ku Ulaya m'zombo pamodzi ndi siliva. Mpaka lero kamalowa m'zakudya ndi m'zodzola zina pansi pa nambala ya E120. Ife kuno tikafuna kufiira kotero timaloza mlombwa: mukautema, utomoni wake umatsika ngati magazi.

Koma imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya orange. Chipatso ndicho chinayamba, mtundu unabwera pambuyo. Dzinali linanyamuka ku India lili naranga, Aperezi anati narang, Aluya anati naranj, mpaka linafika ku England, kumene linayamba kutanthauza mtundu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Isanafike nthawi imeneyo, Angerezi ankauwerengera kumbali ya zofiira kapena zachikasu. Tsono Apwitikizi anati laranja, ndipo ndi kwa iwowo kumene ife tinatenga lalanje. Choncho olenji ndi lalanje ndi pachibale, ana a mayi mmodzi amene anafika kuno m'njira ziwiri.

Nanga bwanji ife lalanje sitinalipange msanga kukhala dzina la mtundu? Pitani pamsika wa Mangochi nyengo ya malalanje mukaone milu ili pamasaka. Ambiri ndi obiriwira, ena achikasu pang'ono, koma mukasenda ndi okupsa, otsekemera. Khungu la lalanje limafuna usiku wozizira kuti lisinthe mtundu, ndipo kumalo otentha limatha kupsa likadali lobiriwira. Maganizo anga ndi akuti makolo athu sakanatcha mtundu ndi chipatso chimene sichionetsa mtunduwo. Anali anthu oona bwino.

Pink ndi dzina la duwa la m'minda ya ku Ulaya, basi. Violet ndi lilac ndi maluwanso, teal ndi kabakha kakuthengo, sepia ndi inki ya kanyama ka m'nyanja. Ivory ndi mnyanga wa njovu, ndipo ife a kuno sitingautchule mopepuka, poti minyanga yambiri inadutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira kupita kugombe, itasenzedwa ndi anthu amene ambiri a iwo sanabwererenso. Khaki, amene mumasokera ana asukulu makabudula, ndi mawu a Chiurdu ochokera ku khak, fumbi kapena dothi. Asilikali a Britain ku India anayamba kuvala mtunduwu m'zaka za m'ma 1840 kuti asamaonekere patali.

Buluu ndiye anavutitsa dziko lonse, chifukwa ngakhale thambo ndi nyanja zili choncho, simungazitunge n'kunyikamo nsalu. Indigo amatanthauza "cha ku India", utoto wa masamba a chitsamba. Ultramarine amatanthauza "cha kutsidya la nyanja": unali mwala wa lapis lazuli wokumbidwa m'mapiri a Badakhshan ku Afghanistan, wodula moti ojambula zithunzi a ku Italy ankausungira chovala cha Maria. M'zaka za m'ma 1820 ku France anapeza njira yopangira utotowu m'ng'anjo, mtengo n'kugwa. Kabuluu kaja amayi athu ankakulunga pakansalu n'kuviika m'madzi otsukuluzira malaya oyera a Lachisanu kapena Lamulungu, ndi utoto womwewo.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1856. Mnyamata wa zaka 18 ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini wa malungo kuchokera ku phula la malasha. Kwinini sanatuluke, koma zotsalira m'botolo zinadetsa nsalu mtundu wa pepo wowala. Utotowo unadzatchedwa mauve, dzina la duwa m'Chifalansa. Kuyambira pamenepo utoto unayamba kuchokera m'fakitale, ndipo zitenje zonse zili pamakina anu zimadalira zimenezo. Onani kuti ngakhale utoto wa m'botolo anaupatsa dzina la duwa.

Mukaziika pamodzi nkhanizi, muona kuti mayina ambiri anakhazikika chifukwa cha malonda. Munthu woitanitsa nsalu kutali ayenera kutchula mtundu umene akufuna mosaphonya. Kumene kunali misika ya utoto, mayina anachuluka. Ife utoto wa m'fakitale unatipeza uli kale ndi mayina ake, ndiye tinangolandira pepo, pinki ndi buluu monga tinalandirira sopo ndi buledi. Sindikuonapo chamanyazi. Angerezi nawo anabwereka kwa Agiriki, Aluya ndi Amwenye.

Chimene chimandipweteka n'chakuti tikuiwala zimene tili nazo. Mitundu yathu ikuluikulu ndi aneni: chinthu chimafiira, chimada, chimayera, chimabiriwira. Mango amafiira, mtambo umada kumapiri a Namizimu mvula ikamabwera. Tili ndi chofiirira, chodera, choyererako, chotuwa. Tili ndi psuu, bii, mbee, mbuu ndi biriwiri, mawu amene amakuonetsa mtundu ndi mphamvu yake nthawi imodzi, ndipo Chingerezi chilibe otero. Mlimi akati katondo kapena makande wanena mtundu wa dothi ndi khalidwe lake lomwe. Nkhuku ikakhala ya mawangamawanga aliyense waiona kale m'maganizo. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli zithunzi zapamiyala zofiira ndi zoyera m'malo 127, zojambulidwa ndi dothi ndi miyala yopera, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Anthu amene anajambula zimenezo utoto ankaudziwa.

Tsono homuweki ija, mayi, ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi. Purple: chibakuwa, kapena pepo. Orange: chalalanje. Yellow: chachikasu. Blue: chamtambo, kapena buluu. Grey: chotuwa, kapena chaphulusa. Brown: chakhofi. Pink: chofiirira, kapena pinki. Aphunzitsi akakana ena mwa amenewa, mwanayo awafunse mwaulemu amene iwo amagwiritsa ntchito, ndipo mudzandilembere, ndikufuna kuwadziwa. Loweruka likubwerali mugule kamuzu ka chikasu pamsika, mum'patse mwanayo kansalu koyera kotsala podula, asinje yekha, anyike, ayanike padzuwa.