Pampu ya oyilo pa DT yanu isachotsedwe mwachisawawa

Achimwene, makaniko amene wakuuzani kuti pampu ya oyilo pa njinga yamoto ya Yamaha DT 125 mwagula kumeneyo ndi yachabechabe, kotero kuti aichotse muzisakaniza oyilo ndi petulo mu thanki, musam'patse njingayo musanawerenge zimene ndilembe pano. Ndaona ena m'gulu muno ayankha kuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma ine chipsera cha nkhani ya pampuyi ndikuyenda nacho pa mwendo mpaka lero, ndipo pa injini ya two-stroke, monga ya DT yanuyo, palibe chimene chimakhudza oyilo chimene munthu angachitche chaching'ono.

Injini imeneyi siisunga oyilo pansi pake monga imachitira ya four-stroke. Petulo ndi mpweya zikachoka mu kabuleta zimadutsa kaye mu chipinda cha kulanki zisanakwere kukayaka pamwamba pa pisitoni, ndipo oyilo wa 2T, wopangidwira injini za two-stroke, amene wayenda nazo limodzi ndi yekhayo amene amafewetsa mabelingi, pisitoni ndi maring'i, kenako amapsa n'kutuluka ngati utsi wobiriwira uja. Oyilo amene mumathira pa bowo la m'mbali mwa injini ndi wa giyabokisi ndi kilatchi basi, ku pisitoni safikako ngakhale dontho. A Yamaha anayamba kuika pampu imeneyi, yomwe amaitcha Autolube, pa njinga zawo mu 1964, ndipo imalumikizidwa ndi waya wa akisileta kuti mukamakoka moto wambiri nayo izitumiza oyilo wambiri. Pampuyo ikasiya kutumiza oyilo, injini simakuchenjezani ndi nyali kapena belu, imangopitiriza kuthamanga mpaka zitsulo zitagwirana.

Yanga inali DT 175, ndipo vuto linali lochepa kwambiri: kapaipi kochokera mu kathanki ka oyilo kupita ku pampu kanali kataumirira n'kung'aluka, moti oyilo ankadontha pa injini. Ndinapita nayo ku galaji ina kwa munthu amene anthu ankamuyamikira, iye anasintha kapaipiko, ndipo nditamufunsa ngati watulutsa mpweya mu pampu, anandiseka pamaso pa anyamata ake n'kundiuza kuti ntchitoyi anaiyamba ine ndisanagwirepo chiwongolero. Atailiza ndinaona kuti utsi wachepa, ndinafunsanso, ndipo anandiyankha kuti umenewo ndi umboni woti waikonza bwino, chifukwa poyamba inkadya oyilo wambiri. Pa pampuyo pali kasikuluu kamodzi kamene munthu amamasula kuti oyilo atuluke mpaka thovu lithe, ntchito yosatenga ngakhale mphindi zisanu, koma iye sanakagwire n'komwe.

Zinandichitikira pa msewu wa fumbi wokhala ndi timiyala, pamalo owongoka pamene ndinali nditalowetsa giya yomaliza. Choyamba chimene chinasintha ndi kaliridwe. Phokoso lonenepa lija la two-stroke linasanduka lowonda ndi louma, lokhala ndi kulira kwa chitsulo mkati mwake, kenako njinga inayamba kulemera ngati munthu waimanga chingwe kumbuyo n'kumaikoka, ngakhale kuti dzanja langa linali lisanabweze moto. Zonsezi sizinatenge nthawi yoti munthu n'kuganiza. Pisitoni inagwira mu silinda, injini inaima nthawi yomweyo, ndipo popeza giya inali yolowa, tayala la kumbuyo nalo linaima njii pamene njinga inali pa liwiro. Kumbuyo kunayamba kutsetserekera kumanzere, kenako kunabwerera kumanja mwamphamvu, zala zanga zikufunafuna kilatchi, ndipo pamene ndinkaikoka n'kuti chiwongolero chitandipulumuka kale. Ndinagwa chammbali, phewa ndi chigongono zinakhula pa timiyala, helimeti inamenya pansi mpaka galasi lake kuthothoka, ndipo njinga yonse inandigwera pa mwendo, paipi ya ekizozi itatsamira pa katumba. Paipi ya two-stroke imene yangothamanga kumene imatentha koopsa, ndipo inadutsa thalauza n'kufika pa khungu ndisanathe kudzisolola. Ndinkamva fungo la nsalu yopserera losakanikirana ndi la petulo amene ankatayika kuchokera mu kabuleta pafupi ndi nkhope yanga, ndipo mantha anga onse anali akuti moto ubuka ndili pansi pake. Njinga yolemera pafupifupi makilogalamu 100 imaoneka yopepuka ukaikwera, koma ukaikankha ndi mwendo umodzi uli chigonere, dzanja likutuluka magazi, umadziwa kulemera kwake. Nditaimitsa ndinayesa kuponda kiki, koma inali gwaa, yosasuntha ngakhale pang'ono, ndipo ndinaikankha mtunda wautali ndikutsimphina, khungu la pa katumba litasupuka n'kumamatira ku thalauza.

Titatsegula injini ndi munthu wina amene amadziwa ntchito, pisitoni inali ndi mizere yakuya kumbali ya ekizozi, aluminiyamu wake atamatirira pa khoma la silinda, maring'i atakanirira m'mipata yake, ndipo belingi yaing'ono ya pamwamba pa kondirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kulanki) itasintha mtundu chifukwa cha kutentha. Mu kapaipi kochokera ku pampu kupita ku injini munali mpweya wokhawokha, oyilo mulibe. Ndinatenga pisitoniyo m'manja n'kupita nayo kwa makaniko uja, ndipo chimene chimandiwawa mpaka pano si chilonda ayi, koma mmene anandiyankhira. Anayamba ndi kunena kuti ndimathamangitsa njinga mopitirira, kenako anati petulo amene ndinathira anali woipa, kenako anati njinga zakale zimafa choncho, ndipo pomaliza, mopanda manyazi, anandiuza kuti ndiisiye kuti aikonze koma ndilipire zipangizo ndi ntchito yomwe. Sanafunse n'komwe za mwendo umene ankauona womangidwa bandeji. Anthu otere amaphunzirira ntchito pa katundu wa anzawo, amadana ndi kufunsidwa, ndipo chimene sakuchimvetsa amachichotsa n'kunena kuti n'chachabechabe. N'chifukwa chake mawu a makaniko wanuyo andikwiyitsa, pakuti amene amafulumira kuchotsa pampu kawirikawiri ndi amene sadziwa kuitchera.

Tsono ngakhale pampu ndi imene inandigwetsa, ine ndikuti muisiye pomwepo. Pampu ya Autolube siifa wamba, imangofuna zinthu zitatu: mu kathanki musathe oyilo, mpweya utulutsidwe nthawi iliyonse imene kapaipi kachotsedwa kapena kathanki kauma, ndipo chizindikiro cha pa kagudumu kake chizigwirizana ndi kapini monga buku la njingayo likunenera. Amene akuti kusakaniza mu thanki n'kwabwino sakunama, chifukwa njinga za mpikisano monga Yamaha YZ85 ndi KTM 85 SX zilibe pampu, zimayendera oyilo wosakaniza. Koma eni ake amayeza ndi kapu yokhala ndi manambala nthawi zonse, pamene inu amene mukuyamba kumene tsiku lina mudzathira petulo muli pa changu n'kuiwala oyilo, ndipo kuiwala kamodzi kokha n'kokwanira kupha injini. Komanso pampu ikachotsedwa, kabowo kamene oyilo ankalowera kayenera kutsekedwa bwinobwino, apo ayi kamayamwa mpweya, petulo amachepa mu msakanizo wake ndi mpweya, injini imatentha n'kugwira chimodzimodzi. Ngati mwaumirira kusakaniza, dziwani masamu ake: 50:1 ndi mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, 40:1 ndi mamililita 25, ndipo 32:1 ndi pafupifupi mamililita 31. Musaganize kuti kuthira oyilo wochuluka zedi ndiye chitetezo, chifukwa oyiloyo amatenga malo a petulo podutsa mu jeti ya kabuleta, pulagi imada, ndipo mwaye umadzaza pa khomo la ekizozi. Oyilo wake akhale wa 2T weniweni wolembedwa JASO FC kapena FD pa botolo, osati wa injini ya galimoto.

Ndanena kuti musasakanize, komabe ineyo munthu aliyense akangogwira pampu kapena mapaipi ake, thanki yoyamba ndimathiramo oyilo pa 50:1 pamwamba pa amene pampu ikutumiza, ndipo ndimapitiriza mpaka nditaona ndi maso anga kuti mu kapaipi mulibe thovu komanso oyilo mu kathanki akutsika. Imafuka utsi wambiri ndipo pulagi ikhoza kuda, koma pulagi ndi yosavuta kusintha poyerekeza ndi kukulitsa silinda n'kuika pisitoni yokulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm.

Pa kakweredwe, zala ziwiri za dzanja lamanzere zizikhala pa kilatchi nthawi zonse mukakhala pa liwiro, ndipo kaliridwe kakangosintha kapena mphamvu ikangogwa mwadzidzidzi, kokani kaye kilatchi, kuganiza kubwere pambuyo, chifukwa mukatero tayala limamasuka ngakhale injini itagwira. M'mawa musaithamangitse isanatenthe, pakuti pisitoni ya aluminiyamu imafufuma msanga kuposa silinda yozizira. Pa chitsetso chachitali musadalire injini kuti ikugwirireni liwiro moto uli wotseka, makamaka ngati mukuyendera oyilo wosakaniza, popeza petulo akachepa oyilo nayenso amachepa pamene injini ikuzungulira kwambiri; gwiritsani ntchito mabuleki ndipo muzikokako moto pang'ono apo ndi apo kilatchi ili yokoka. Dziwaninso kuti two-stroke imakhala yofooka pansi kenako mphamvu imabwera nthawi imodzi ikafika pa mazungulira ake, choncho pa mchenga ndi pokhota kokani moto mofatsa. Za nsapato zazitali zophimba katumba sindinganene zambiri, mwamva kale zimene paipi inandichita.

Fyuluta ya mpweya ndi ya siponji, iyenera kuchapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo wake pafupipafupi ngati mukuyenda m'fumbi, chifukwa fumbi likadutsa limadya maring'i. Pulagi muziimasula n'kuiona: ikakhala yofiirira ndiye kuti zili bwino, ikakhala yakuda ndi yonyowa ndiye kuti petulo kapena oyilo wachuluka, koma ikakhala yoyera mbuu imani, pali pamene pakulowa mpweya kapena jeti yatsekeka. Injini ikamakwera yokha moto musanakoke, kapena ikamachedwa kutsika mutabweza, kawirikawiri ndi masili a kulanki kapena labala wa pakati pa kabuleta ndi injini amene atha. Zimenezo musazigwire nokha, pitani nayo kwa makaniko, inde makaniko wanu yemweyo amene ndakhala ndikumunena, chifukwa kusintha masili kumafuna zida zochotsera maginito ndi kilatchi zimene inu mulibe. Koma musaisiye n'kuchokapo. Imani pomwepo, muone akumasula kasikuluu ka pampu, muone oyilo akutuluka wopanda thovu, ndipo akakwiya chifukwa chakuti mwafunsa, itengeni njingayo muikankhe mupite nayo kwina ngakhale ili yomasula.